Sikisitefo ndi Bandulo ya Wailesi

Mwana woyamba wa mlongo wanga sanalire tsiku limene anabadwa. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako anayang'ana namwino, ngati wina wamuchedwetsa. Mayi ake amakana nkhani imeneyi, amati analira ngati ana ena onse, koma iwo anali atatopa ndipo sangakumbuke bwino. Ine ndinali pabenchi panja, makutu ali tcheru.

Dzina lenileni ali nalo, lili pa chiphaso chake, koma chilowereni ntchito ku kampani ya lamya banja lonse timamuitana kuti Sikisitefo. Sabata yake yoyamba pantchito anabwera kunyumba n'kutiuza, tonse tili pa tiyi, kuti munthu akamalankhula pa lamya mawu ake amaduladulidwa tizidutswa, ndipo amadya makilobiti 64 pa sekondi iliyonse. Kaya ndi bwana akukalipa, kaya ndi wachikondi akunong'oneza, onse 64. Ndinamufunsa ngati mayi ake nawonso ndi 64. Anati inde. Ndinati ndiye kuti makinawo sanawamvepo mayi akowo akundikalipira ine. Dzina la 64 ija, Sikisitefo, linakakamira tsiku lomwelo.

M'chipinda chimene ankagwiramo ntchito ndinalowamo kamodzi kokha, tsiku limene ndinamupititsira makiyi amene anaiwala kunyumba. Chinali pansi pa nyumba yakale ya kampaniyo, chopanda zenera ngakhale limodzi, chozizira moti nditatuluka ndinatha masiku atatu ndikufunafuna makutu anga. Makabati achitsulo otuwa, aatali kuposa munthu, anaima m'mizere inayi, onse akung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Pa waya aliyense panali kakatoni komangirira ndi ulusi, kolembedwa ndi pensulo.

Timakatonito tinali chipembedzo cha a Pulayala, mdala amene anamuphunzitsa ntchito, munthu amene ankapita ngakhale ku ukwati pulayala ili m'thumba la kumbuyo. Lamulo lawo linali limodzi. Ukagwira waya, lemba zinthu zitatu: tsiku, zimene wachita, ndi zimene ukuganiza kuti zichitika. Chachitatucho ndiye ankachikonda kwambiri. Ankati wobwera pambuyo pako asamavutike kulota maloto ako. Inki ankaikana chifukwa imafufutika ndi chinyezi. A Pulayala anapuma ntchito, kenako anamwalira, koma dzanja la Sikisitefo linapitiriza kuwamvera.

Mawerengedwe a m'chipindamo anali osavuta. Waya wamkulu mmodzi ankanyamula timipata 32, kampata kalikonse makilobiti 64, zonse pamodzi 2,048. Kasitomala akafuna mzere wakewake, wosagawana ndi wina, ankamudulira timipata monga momwe amadulira nsalu: uyu kamodzi, uyu tiwiri, wolemera tinayi. Mzere wotere unkayenda ngati ngolo, koma ngolo yosaima. Usana, usiku, Lamulungu, tsiku la maliro, unkangoyenda, ndipo panalibe wofunsa kuti wanyamula zochuluka bwanji.

Sikisitefo anatha zaka 23 m'chipinda chimenecho. Pa ukwati wake tinachita kumubwereka Loweruka limodzi, ndipo Lolemba tinakamubweza. Mwamuna wake ndi mphunzitsi wa masamu, munthu wofatsa ngati pilo. Ana awiri anakula akudziwa kuti foni ya mayi ikalira pakati pa chakudya, mbale yawo ivundikiridwe. Anakwezedwa pantchito kawiri kokha, ndipo kachiwiriko anangomusinthira mpando wokhala ndi mateyala. Sankadandaula. Anthu a m'tauni muno ankaimba mafoni awo, kutukwanana, kupepesana, kufunsirana, osadziwa kuti pansi pa nyumba ina pali mayi wovala juzi m'nyengo yotentha amene amaonetsetsa kuti matukwanowo akufika bwinobwino.

Kenako kunabwera faiba, mawaya atsopano agalasi othamanga kwambiri, ndipo kampani inaganiza zotseka chipindacho. Mizere yonse 340 yotsala inayenera kusamukira pa netiweki yatsopano pofika pa 1 mwezi wotsatira, chifukwa nyumbayo anali ataibwereketsa kale kwa wogulitsa masofa. Antchito a m'chipindamo analipo asanu ndi awiri. Mu ofesi yatsopano, yam'mwamba, yokhala ndi mazenera, munali mpando umodzi wokha.

Woyang'anira kusamukaku anali bwana wina wamsinkhu wapakati amene antchito anamutcha a Mega, chifukwa chiganizo chawo chilichonse chinkathera pa mamega, muyezo wa liwiro la netiweki. Sanali munthu woipa. Anali munthu wothamanga, wa mafoni awiri ndi tayi wopotoka. Anamuitana Sikisitefo, n'kutsegula dirowa, n'kumuonetsa kalata yokhala ndi dzina lake.

"Mpando uja ndi wanu, asisi. Kalata ndi iyi. Fomu yomaliza ikangolowa, ndisaina."

Mafomuwo anali 340, mzere uliwonse fomu yake. Kompyuta ya ku likulu inali itatenga liwiro lakale la mzere uliwonse n'kuusankhira bandulo yatsopano: liwiro lakuti, ndi mulu wakuti wa magigabaiti pa mwezi, amene ana a masiku ano amangoti majibi. Ntchito ya Sikisitefo inali kusaina pansi, kuvomereza kuti chatsopanocho chikukwanira. Wina akanasaina mafomu onsewo tiyi asanazizire. Iye anatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera mzere umodziumodzi, masabata atatu. Mizere 339 inadutsa. Wotsalawo anabwera nawo kwa ine.

Ine ndine telala. Shopu yanga ili m'kanjira ka kuseri kwa msika, pakati pa wometa ndi wogulitsa mabatire, ndipo pashelefu pamwamba pa makina anga osokera pamakhala wailesi imene sinasinthepo siteshoni chiyambire. Ndi kasiteshoni kathu ka m'tauni muno, ka nyimbo zakale ndi moni. Situdiyo yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, mlongoti wake uli paphiri, ndipo mawu ankachoka ku situdiyo kupita kuphiriko kudzera m'timipata tinayi ta m'chipinda cha Sikisitefo. Makilobiti 256.

Anafika Loweruka m'mawa ndi yunifolomu ya mwana wake yoti ndiitalikitse. Anaiponya patebulo, maso ali pa wailesi.

"Malume, siteshoni yanuyi imatseka nthawi yanji?"

"Teni koloko, akatha moni. Bwanji, ukufuna kunditumizira nyimbo? Yakwana nthawi, zaka zonsezi."

"Ndibwerekeni choko."

Anatenga choko changa chodulira nsalu, n'kukoka pepala lakhaki limene ndinajambulapo thalauza la kasitomala, n'kuyamba kulemba pa m'chiuno.

"256 kugawa ndi 8, chifukwa mabiti 8 ndiwo baiti imodzi. Akale tinkawerenga mabiti, a bandulo amawerenga mabaiti. Yatsala 32. Makilobaiti 32 pa sekondi."

"Ndiye kanthu kakang'ono," ndinatero. "Nyerere ikhoza kusenza, n'kupatsanso moni panjira."

"Pa sekondi, malume. Pa mphindi, 1,920. Pa ola, 115,200. Pa tsiku..." Nambala imene analemba inatsika mwendo wonse wa thalauzalo mpaka pa kakolo: 2,764,800. "Kumeneko n'kuti majibi 2.76 tsiku lililonse. Pa mwezi, 83."

"Nanga kompyuta yawapatsa angati?"

"50."

Ndinati ine masamu ndinasiyana nawo mwamtendere kalekale, andiuze m'chinenero cha anthu. Analoza mpopi wa panja pa shopu ya wometa, umene wakhala ukudontha kuyambira ndili ndi tsitsi.

"Mzere wakale uli ngati mpopi uwo. Kadontho kakang'ono, koma kosaleka, ndipo madzi akuchokera kumtsinje. Watsopanowu ndi paipi yaikulu ngati ntchafu yanu, koma yolumikiza ku diramu. Kompyuta yaona kadontho, yati aka diramu limodzi likwanira. Sinafunse kuti kadonthoko kamapuma liti."

"Pajatu ndati amatseka teni koloko."

"Amatseka anthu. Makina satseka. Usiku wonse amatumiza chete kupita kuphiri, pa 256 yomweyo. Chete ndi nyimbo mtengo wake ndi umodzi."

Anagawa 50 ndi 2.76, n'kupeza masiku 18 ndi maola awiri. Mzere unayenera kusamutsidwa pa 1, teni koloko m'mawa. Anawerenga zala.

"Idzazima pa 19, masana."

Thalauza limenelo ndinalisoka ndi mantha, ndipo mwini wake mpaka lero amati limamugwira mwachilendo.

Zimene zinachitika mu ofesi ya a Mega Lolemba ndinazimva kwa iye mwini, ndiponso kwa mlonda wa pakhomo, amene makutu ake amaboola simenti. A Mega anamvetsera foni imodzi ili kukhutu.

"Asisi, tikuwachotsa pa 256, tikuwaika pa mamega 20. Liwiro kuchulukitsa ka 78! Akufunanso chiyani, ndege?"

"Sindikunena za kuthamanga, bwana. Ndikunena za kutha."

"Mabanki tawapatsa 50 yomweyo, ndipo akuvina."

"Banki imatumiza ikakhala ndi chotumiza. Wailesi sipuma."

"Imatseka usiku. Chotsanipo usikuwo."

"Makina ake satseka. Koma ngakhale nditakuchotserani maola asanu ndi awiri a usikuwo, pakutsala 59."

A Mega anaika foni pansi, chinthu chimene mlonda akuti sanachionepo. Anafotokoza mofatsa. Kusintha mzere umodzi pa tebulo la kompyuta, mndandanda uja wa mizere ndi mabandulo ake, kunkafuna kuti tebulo lonse libwerere ku likulu, likadutse m'manja mwa anthu asanu, ndipo anthu asanuwo sakhala pamalo onse nthawi imodzi kupatula pa phwando la kutha kwa chaka. Masabata asanu ndi limodzi. Wamasofa anali atalemba kale dzina lake pageti.

"Ikadzatha tidzawonjezera. Ndi batani limodzi."

"Adzadina ndani, bwana? Adzadziwa bwanji kuti yatha?"

"Makina amatumiza uthenga wochenjeza."

"Amatumiza ku nambala ya mzerewo. Nambalayo ili m'bokosi lachitsulo paphiri. Adzawerenga ndi akhwangwala?"

A Mega anagogoda dirowa ija ndi chala kawiri, osati moopseza, koma ngati munthu wokumbutsa mnzake kuti basi ikunyamuka.

"Fomu imodzi, asisi. Lachisanu."

Nkhani inafika kwa mlongo wanga, ndipo Lachitatu madzulo ndinaitanidwa. Ndinapeza bwalo lakhala kale pabalaza: mlongo wanga pampando wake wa pafupi ndi chitseko, Sikisitefo pasofa manja ali pamaondo, mphunzitsi wa masamu pakona atagwira pepala.

"Achimwene, lankhulani naye mwana wanuyu. Zaka 23 m'firiji muja, lero akumupatsa zenera, iye akuti wailesi. Iwe, wailesiyo ndi m'bale wako? Inakuyamwitsa?"

"Amayi, idzazima."

"Izime! Ikazima tidzaimba tokha. Ana awa adzadya nyimbo?"

Mphunzitsi anakweza mutu n'kunena motsitsa kuti wawerengera kawiri ndipo masamuwo ali bwino. Apongozi ake anamuyang'ana. Anapinda pepala lake bwinobwino n'kutuluka kukathirira maluwa, ngakhale mvula inali itangokata kumene.

Ine ndinapereka uphungu wa umalume. Ndinati asaine ndi dzanja lamanzere, kuti zikadzavuta adzakane kuti si iye. Mlongo wanga anandiponyera khushoni. Sikisitefo sanaseke, sanakwiye. Anati amva, ndipo asaina.

Anasainadi, Lachisanu m'mawa, ndi dzanja lamanja. Koma atangomaliza, dzanja lomwelo linasiya cholembera, linatola pensulo, n'kulemba m'munsi mwa siginecha monga linkalembera pa timakatoni kwa zaka 23. Tsiku. Kenako: "Ndasamutsa mzere wa 256 kupita pa bandulo ya majibi 50." Kenako: "Idzazima pa 19, cha m'ma 12 koloko masana."

Iye amalumbira kuti sanalembe mwa mwano, ndipo ine ndimamukhulupirira, chifukwa mwano umafuna nthabwala ndipo mwanayu alibe. Chimene anaiwala n'chakuti fomu si katoni. Inali ya mapepala atatu omatana, aja ukalemba pamwamba zimadinda pansi. Loyera linkapita ku likulu, lachikasu mufayilo, lapinki kwa kasitomala. Ndipo Sikisitefo akagwira pensulo amakanikiza ngati akulemba pamwala.

Pepala lapinki linafika m'manja mwa mkulu wa wailesi, chimunthu chachikulu chimene mawu ake amagwedeza makapu m'kabati. Sanapite kwa a Mega. Anakwera basi mpaka ku likulu, n'kuima pamalo olandirira alendo, n'kuwerenga mawu a pensulowo ndi mawu ake aja owerengera nkhani, kawiri, kuti a pansanjika yachitatu amve. Likulu linaimbira a Mega. A Mega, mafoni onse awiri akulira, analemba kalata yotsimikizira wailesi kuti palibe vuto, kuti mawu a pensulowo ndi maganizo a wantchito wozolowera makina akale.

Kalata ya m'dirowa inatuluka, koma dzina linali lina, la mnzake wa m'chipinda momwemo amene sanawerengerepo kanthu chibadwire. Sikisitefo analandira kalata ina, yomuthokoza chifukwa cha zaka 23 ndi kumuuza kuti ntchito yake itha kumapeto kwa mwezi, ndipo masiku otsalawo akhoza kupumula kunyumba. Mlongo wanga sanandilankhule sabata yathunthu, ngati pensuloyo ndinasongola ndine.

Pa 1, teni koloko, mzere unasamuka. Wailesi inatsokomola kamodzi n'kupitiriza nyimbo. Kunena zoona inkamveka bwino kuposa kale. Makabati otuwa aja anawakweza pa lole, timakatoni tikulendewera, ndipo pofika pa 5 m'chipindamo munali masofa ofiira.

Sikisitefo anakhala kunyumba. Anachapa makatani onse, kenako anachapa a mayi ake, kenako anayamba kuyang'ana a aneba. Wailesi sankatsegula. Ndikamuimbira ndinkaika foni pafupi ndi sipika kuti amve kuti ikadali moyo.

"Tamva, ikuimba ngati mkwatibwi. Mwina diramu lija lili ndi kasupe pansi."

"Lero ndi pa 9, malume."

"Mayi ako akuti ukapepese, mwina a Mega angakupezere kampando kena."

"Pa 19 mundisungire mpando m'shopu mwanumo. Ndidzafika 11 koloko."

Pa 18, nthawi itangopitirira hafu pasiti leveni m'mawa, ndinali ndikusoka zipi. Pa wailesi mayi wina ankapereka moni kwa mlamu wake, kwa ana a mlamu wake, kwa mkazi wa mlamu wake amene akuti amudziwa yekha, ndipo ali pakati pa dzina lachisanu ndi chiwiri, zii. Osati kukhosomola, osati kulira kwa mphepo. Zii weniweni.

Ndinaimenya wailesi mbama. Ndinamva wometa akumenya yake. Kanjira konse kanamveka mbama, anthu akulanga mawailesi osalakwa, ndipo mnzanga wa mabatire anagulitsa katundu wa miyezi itatu m'mphindi makumi awiri, mpaka anayamba kuyang'ana mabatire a mu wotchi yake. Ndinatenga foni.

"Sikisitefo! Yazima!"

"Chazima n'chiyani?"

"Wailesi, iwe! Yafa! Wapambana!"



"Malume, lero ndi pa 18."

"Ndiye ndiiuze kuti idzuke, idzafe mawa?"

Anadula foni. Patapita theka la ola anatulukira pakhomo la shopu atavala masilipasi, m'manja muli thovu la sopo louma. Ndinali nditakonzeka kumunyamula paphewa kuzungulira msika. Nkhope imene analowa nayo inali ya munthu amene wauzidwa kuti nyumba yake yapsa. Sanapereke moni. Anatenga choko, anakoka pepala la diresi la mkwatibwi wa anthu, n'kuyambiranso pa 256.

Analemba, anafufuta ndi chigongono, analembanso. Kunja anthu ankafunsana ngati mlongoti wagwa. Tinamva kuti galimoto ziwiri za kampani zakwera phiri ndi makwerero, kukafuna vuto pamene panalibe vuto. Cha m'ma 2 koloko anaponya choko patebulo.

"Maenvulopu."

"Ati?"

"Mzere wakale unkapita malo amodzi okha, ndiye mawu ankangoyenda osavala. Netiweki yatsopanoyi imapita paliponse. Kachidutswa kalikonse ka mawu amakaika mu envulopu yokhala ndi adiresi, ndipo bandulo imawerenga ndi envulopu yomwe. Pa 100 paliponse, onjezani 6." Analoza pa siketi ya diresilo. "Si 83 pa mwezi. Ndi 88. Masiku 17 ndi ola limodzi ndi theka. Ndinaphonya ndi tsiku lathunthu, malume."

"Iwe, tauni yonse yaphonya ndi mwezi, kompyuta yaphonya ndi moyo wake wonse, iwe ukulira tsiku limodzi?"

"Ndinasaina mizere 339 ndisakudziwa za maenvulopu."

Wailesi inadzuka nthawi ili 20 minitsi kuti ikwane 3, ndi mawu a mkulu uja akupepesa omvera m'njira yoti aliyense adziwe kuti wolakwa si iye. Tinamva pambuyo pake kuti wina ku likulu anakumbuka pepala lapinki, anayang'ana bandulo, n'kudina batani lija. Kudinako kunatenga mphindi zinayi. Kukumbukako ndiye kunatenga maola atatu.

A Mega anafika pa shopu yanga dzuwa litapendeka. Anali atapita kunyumba kwa Sikisitefo, ndipo mphunzitsi wa masamu anawalozera njira, akuti anawajambulira ndi mapu omwe. Analowa mowerama chifukwa cha madiresi olendewera, tayi ali paphewa, nsapato zili ndi dothi la kuphiri, chikwama chili m'khwapa. Ndinawapatsa mpando umene ndinasungira pa 19.

Anayamba ndi chida chokhacho chimene anali nacho.

"Munati pa 19, asisi."

"Ndinalakwitsa, bwana. Ndinaiwala maenvulopu."

Munthu anabwera atamanga thupi kuti anyozedwa, ndiye akumupepesa. Anasowa poika maso. Anayang'ana ine, anayang'ana diresi lodzaza manambala, kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa tebulo lonse la kompyuta, mapepala okhuthala ngati buledi.

"Ku likulu akufunsa ngati pali ina yotere."

"Sindikudziwa. Ndiyenera kuyambiranso yonse. Imene imandiopsa ndi ing'onoing'ono yosapuma ija, ya mapampu a madzi ndi ya magetsi a pamsewu. Uthenga wake ndi waung'ono, envulopu n'kukula kuposa kalata."

"Mpando uja unapita, asisi. Sindingaubweze."

"Ndikudziwa."

"Ndingakupezereni masabata awiri. Desiki ili pakhonde, pafupi ndi makina okopera mapepala. Palibe zenera."

Apa ndinaona kuti nthawi ya malume yakwana. Ndinaimirira, tepi ili m'khosi. Ndinati bwana, mwana wa mlongo wanga uyu analosera imfa ya wailesi pa thalauza, ndi choko cha telala, inu muli ndi kompyuta yodya magetsi a tauni yonse. Masabata awiri? Mumupatse ofesi ya mazenera anayi, galimoto, ndi munthu womusongolera pensulo.

"Malume," anatero Sikisitefo osandiyang'ana, "sokani zipi ija."

Anatenga mapepalawo, anawayeza kulemera m'manja, n'kufunsa a Mega ngati Lolemba geti limatsegulidwa 7 koloko kapena hafu pasiti.

M'masabata awiriwo anapeza mizere inayi imene ikanazima mwezi usanathe, umodzi mwa iyo wa pampu yotumiza madzi kumtunda konse kwa tauni. Atatsala pang'ono kumaliza, likulu linatumiza tebulo lina la mizere, la tauni yoyandikana nayo, ndi kalata ya masabata ena awiri. Kenako lina. Mpando wa pazenera sanaupeze, ndipo mlongo wanga akafunsidwa kuti mwana wawo amagwira ntchito yanji amayankha kuti akumalizitsa. Kalata ya masabata awiri imabwera Lachisanu, kulumpha limodzi. Yomaliza imene anandionetsa inali ya nambala 71.